Woimba Ng'oma wa ku Al Furjan

Luchenza,
14 Epulo, 2020

Wokondedwa mlongo wanga Jenifer,

Landira moni wa ku Luchenza. Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ku Dubai ndi ntchito yako yolera mwana wa eni? Kalatayi ndalemba papepala ngati munthu wamakedzana, ndiijambula ndi foni n'kukutumizira, poti wati kumeneko kuimbirana pa watsapu sikutheka ndipo foni umaigwira Lachisanu lokha. Ababa akondwa nazo zimenezi. Akuti tsopano dziko layambanso kuganiza bwino.

Nkhani kuno ndi korona basi. Maukwati atatu amene bandi yathu imayenera kukaimbako aimitsidwa, ndipo holo ya tchalitchi atseka. Ife a bandi ya Ana a Njanji tangokhala manja lende. Ababa chipewa chawo cha kauboyi akuvalabe m'mawa uliwonse, koma oonerera ndi nkhuku. Mlongo wako Chilungamo ng'oma zake wazifunditsa chitenje cha mkazi wake, akuti zingagwidwe ndi chifuwa.

Dzulo Ababa atatopa nako kukhala, anatulutsa buku lakuda lija. Mwambo wake ukuudziwa: iwo amalemba mzere woyamba, bukulo limazungulira, ndipo aliyense amene dzina lake lili pa tsamba loyamba amaikapo ndime yake. Buku silingakwere ndege, ndiye mzere wawo ndakukopera pano:

Sitima ya katundu yadutsa, pa Luchenza sinaime.

Ine ndaika kale ndime yanga. Chilungamo waikanso yake, ndi yoipa kwabasi koma tiisiye. Yatsala yako. Chuni chakenso ndi iwe monga mwa nthawi zonse, chifukwa amunafe tikapeka chuni anthu amafunsa kuti wamwalira ndani. Uimbe pa foni utitumizire.

Ndikutsine khutu. Ababa akufuna nyimbo yawo ya kantire yozizira ija, ya munthu wokhala pakhonde n'kumadandaula. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikupempha nyimbo imodzi yokha ya roko ya kum'mwera kwa Amereka, ija magitala awiri amathamangitsana mpaka thukuta kamukamu. Ukamapeka undikumbukire.

Ukaona mawaya a gitala kumeneko undisungire. Anga atsala asanu, ndipo mmodzi ndi wa mabuleki a njinga.

Ndine mlongo wako,
Rogers

Al Furjan, Dubai,
24 Epulo, 2020

Achimwene Rogers,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo pa nkhuku paja ndinaseka mpaka Madamu anasuzumira kukhitchini. Ine ndili bwino. Mupereke moni kwa Ababa, Amayi, Chilungamo ndi alamu anga.

Kuno atitsekera m'nyumba. Munthu kuti akagule buledi ayenera kupempha kaye chilolezo pa foni. Kale Lachisanu ndinkakwera basi kenako sitima ya metro kupita ku Al Rigga kukakumana ndi Bupe, mnzanga wa ku Zambia uja, n'kumadya tchipisi uku tikujeda mabwana athu. Pano khalas, zonse zinatha. Mawaya anu adikire kaye, inshallah, Mulungu akalola, adzafika. Abwana akugwirira ntchito pakhomo, tsiku lonse ali pa kompyuta ndi misonkhano, kumtunda jekete, kumunsi kabudula. Nyumba yonse iyenera kukhala chete. Ngakhale supuni ikagwa, ine ndi Madamu timayang'anana ngati tapalamula mlandu.

Mzere wa Ababa wandigwetsa misozi. Ndinakumbukira tili ana titaima m'mbali mwa njanji kubayibitsa woyendetsa sitima, iye n'kutilizira huta. Ndime yanga ndi iyi:

Sitima ya kuno ilibe woyendetsa,
ndibayibitse ndani ikamadutsa?
Zitseko zitseguka zokha, zitsekeka zokha,
palibe wondifunsa kuti kwanu n'kuti.

Ndaijambula masana mwana atagona. Mawu ndatsitsa kwambiri, mundikhululukire, mukweze foni mpaka pamapeto. Za roko yanu ija, Achimwene, ine sindinaikemo kalikonse, musandiyambanitse ndi Ababa.

Ramadani yayamba lero, ndiye ntchito ya kukhitchini ichuluka. Koma mundiuze m'mene aimvera Ababa nyimboyi, ndikudikira.

Ndine mlongo wanu,
Jenifer

Luchenza,
3 Meyi, 2020

Achemwali,

Moni. Ine ndili bwino, ngati munthu wolandidwa ntchito angakhale bwino.

Sindizungulira. Ndani akuimba ng'oma kumbuyo kwanuko?

Tinamvera tonse pakhonde, foni titaiika m'poto kuti imveke. Ndime yanu njabwino, Amayi anachita kupukuta m'maso. Koma ine khutu langa linali kwina. Munthuyo amayamba pang'onopang'ono, shuwa-gu, shuwa-gu, mofewa ngati akusesa. Amapuma pang'ono, n'kubwereranso pamalo pomwepo osaphonya n'kamodzi komwe. Kenako inu mutamaliza kuimba, eee! Anayamba kuthamanga, kuthamanga, mpaka zonse gudugudugudu ngati sitima yeniyeni ikuoloka pa mlatho. Ndayesa kumutsanzira sabata yonse. Dzanja latupa. Mkazi wanga Hildah akuti ndikapitiriza apita kwawo.

Ine nsanje ndilibe. Ndikungofuna kudziwa dzina lake, dziko la kwawo, ndiponso anaphunzira kuti. Ngati ndi wokwatira mundiuzenso, ndione ngati mkazi wake amadandaula.

Koma Ababa ndiye sanaseke. Anamvera kawiri, anavula chipewa n'kulowa m'nyumba. Lamulo lawo mukulidziwa: woimba ndi bandi ina amafufutidwa pa tsamba loyamba la buku, ndipo sakhalanso wa Ana a Njanji. Bambo aang'ono a Brown anangoimbako besi tsiku limodzi pa ukwati wa eni mu 1991, mpaka lero dzina lawo lili ndi mzere pakati. Ababa akuti mwapita kunja miyezi inayi yokha, mwapeza kale bandi ya Aluya.

Yankhani msanga, Achemwali. Izi si zoseka.

Ndine,
Chilungamo

Luchenza,
31 Meyi, 2020

Jenifer,

Moni, ngati moniyu akukufika. Kodi uli moyo? Masabata anayi adutsa, kalata ya Chilungamo sunaitsegule n'komwe. Amayi sakudya bwino, akuti mwina korona wakugwira ndipo eni nyumba akubisa. Ababa akuti ayi, ndi manyazi akutseka pakamwa. Ine ndili pakati, ndikungoyang'ana foni ngati munthu wodikira zotsatira za mayeso.

Ndiyambe ndi zokoma. Mnzakoyo, kaya ndi ndani, undithokozere. Nyimbo ija yatuluka chinthu china! Ndime zinayi timaziimba mozizira, kantire yeniyeni ya Ababa. Tikamaliza ndime yako, Chilungamo amayamba kuthamanga monga anachitira munthu wakoyo, pano dzanja lazolowera, ine n'kulowa ndi gitala yanga kumuthamangira. Lachinayi tikuyeserera kuseri kwa nyumba, ndinangomva gitala yachiwiri ikundiyankha. Kucheuka, Ababa! Maso atatseka, phazi likugunda pansi, chipewa chitapendekeka. Anandithamangitsa mphindi zisanu zathunthu. Anthu anadzaza pampanda ndi mamasiki awo, mayi wina wa mandasi anavina mpaka beseni linagwa. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupempha chinthu chimenechi, chabwera ndi mlendo wa ku Dubai.

Titamaliza Ababa anakumbukira kuti ndi okwiya. Anapachika gitala n'kulowa m'nyumba.

Tsopano zowawa. Akuti pofika Lamulungu likudzali, pa 7 Juni, akapanda kumva kanthu kochokera kwa iwe, atenga cholembera. Ndawachonderera, Amayi awachonderera, ngakhale Chilungamo wansanje uja wawachonderera. Iwo akuti lamulo likasankha nkhope si lamulonso. Ngati unalowadi bandi ina, ingonena kuti linali tsiku limodzi ndipo upepese, mwina afewa. Koma usakhale chete, mlongo wanga. Bandi imeneyi popanda iwe ndi amuna atatu okangana.

Ndine,
Rogers

Al Furjan, Dubai,
12 Juni, 2020

Achimwene Rogers, ndi iwe Chilungamo,

Moni nonse. Ndili moyo, korona ndilibe, muwauze Amayi mtima ukhale m'malo ndipo adye. Foni yanga inagwera m'bafa la mwana Ramadani itangoyamba kumene. Ndinaikwirira mu mpunga masiku atatu, sinadzuke. Madamu sakulola aliyense kutuluka poopa matendawa, ndiye yakhala m'dirowa mpaka dzulo pamene Abwana anakaikonzetsa. Manambala anu onse anali momwemo. Pamtima ndimangodziwa ya Ababa yakale ija, ya foni imene inagwera m'chitsime.

Makalata anu awiri ndawawerenga lero lomwe. Chilungamo iwe, Mulungu akukhululukire! Ndaseka mpaka ndakhala pansi, chitenje ndaluma kuti Abwana asamve. Woimba ng'oma wakoyo ndi makina ochapira zovala! Shuwa-gu wakoyo ndi matawulo a Madamu akuzungulira m'madzi. Kupuma kuja ndi pamene makinawo amaima kuti azungulirenso chobwerera. Gudugudugudu uja ndi pofinya. Watupitsa dzanja chifukwa cha matawulo, habibi, wokondedwa wanga. Ndipo ayi, ndi wosakwatira.

Ndinaimbira m'kachipinda kochapira chifukwa m'nyumba muno phokoso limaloledwa mokhamo. Ndimatseka chitseko, ndimayatsa makinawo, ndiye ndimaimba motsitsa kuti mawu anga abisale m'phokoso lake. Ndinawazolowera moti khutu langa siliwamvanso, n'chifukwa chake sindinawatchule. Sindinadziwe kuti pakhomo pathu anthu atatu akuluakulu, oimba odziwika boma lonse la Thyolo, akhala pansi n'kumawapatsa ulemu.

Koma kuseka kwatha, tsopano mtima ukundiwawa. Bandi ina ndingaipeze kuti ine, munthu amene miyezi itatu sindinaponde kunja kwa geti? Pa 7 padutsa kale. Achimwene, mundiuze zoona, Ababa achita chiyani? Ndatumiza vidiyo ya makinawo akuchapa kuyambira poyamba mpaka pofinya. Muwaonetse lero lomwe, yalla, musachedwe.

Ndine,
Jenifer

Luchenza,
17 Juni, 2020

Wokondedwa Jenifer,

Moni, ndipo Mulungu atamandike kuti uli moyo. Amayi atamva anathira nthungululu, anadya mbale ziwiri, kenako n'kuyamba kukukalipira ngati uli pomwepo.

Vidiyo yako taionera. Chilungamo ananyamuka n'kupita kunyumba kwake. Mawa lake anati bola akanakhala munthu. Pano wasintha nyimbo, akuyenda pamsika kuuza anthu kuti m'Malawi muno woimba ng'oma amene angapikisane ndi makina a ku Dubai ndi iye yekha. Hildah akamuitana kudzadya amati, "Bwerani, achimwene ake a makina."

Wandifunsa zoona, ndiye ndikuuza. Pa 7 paja Ababa anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anatenga rula ndi cholembera, n'kudula mzere pa dzina lako. Ndinali pomwepo. Tsiku limenelo sanadye.

Ndinawaonetsa vidiyo ija ndili ndi chimwemwe chonse, poganiza kuti nkhani yatha. Anavala magalasi, anaionera yonse mpaka pamapeto, n'kundibwezera foni. Akuti, "Makinawo ndawaona. Woimbayo wabisala kuseri kwa chitseko." Ndinati Ababa, n'chiyani tsopano chimenechi? Iwo akuti, "Zaka makumi anayi ndikuimba, dzanja la munthu ndimalidziwa. Chitsulo sichingadziwe popumira." Ukudziwa kuti makina ochapira sanawaonepo akugwira ntchito. Koma ine ndikuona ngati pansi pamtima akudziwa kuti ukunena zoona, chikuwaopsa ndi mzere umene anadula kale uja.

Azakhali a Stellah akuti ku loji kumene amagwira ntchito ku Mulanje kuli makina otere, ndipo alendo kulibe, Ababa atha kupita kukamva okha. Ababa ndawauza, akuti iwo sangakwere minibasi nthawi ya matenda kukaonerera zovala zikuchapidwa. Ife mawu atithera. Uwalembere wekha, ndikawapatsa foni m'manja.

Ndine,
Rogers

Al Furjan, Dubai,
26 Juni, 2020

Ababa,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndikhulupirira kuti inu ndi Amayi muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi tsiku limene munalemba dzina langa m'buku lakuda. Munandiimbitsa nyimbo imodzi kasanu ndi kawiri pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo nditamaliza simunandiyamikire, munangoti, "Bweretsa cholembera." Kuchokera tsiku limenelo ndaimba nanu m'maukwati, m'maholo, ku wailesi ulendo umodzi uja, ndi pa lole imene inatifera pa Thuchila mvula ikugwa. Bandi ya ku Limbe inabwera kawiri kudzandinyengerera, ndinaikana inu musanadziwe n'komwe.

Sindinaimbe ndi munthu wina aliyense. Ndanena, ndatumiza vidiyo, china choti ndionjeze ndilibe. Kuno ndine wantchito. Amanditchula Jeni chifukwa dzina lonse limawatalikira, ndipo palibe akudziwa kuti ndimaimba. Ndikamatsuka mbale ndinkadziuza kuti kwathu kuli buku limene dzina langa linalembedwa lonse. Mwandipweteka, Ababa. Ndakwiya nanu, ndipo ndikukuuzani poyera chifukwa munandiphunzitsa ndinu kuti woimba sabisa zimene zili mumtima.

Ndime ija ndinapekera inu. Ngati dzina langa mulibenso, muichotse, nyimboyo ikhale ya ndime zitatu.

Ndine mwana wanu,
Jenifer

Luchenza,
13 Julaye, 2020

Kwa mwana wanga Jenifer,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino m'dzina la Ambuye. Ine ndi amayi ako tili bwino, kupatula bondo langa lija. Sindinalemberepo mwana kalata, ndiye ukaona zokhotakhota upirire.

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Mulanje. Palibe anandikakamiza, ngakhale Rogers angakuuze zina. Azakhali ako anaika matawulo m'makinamo n'kundipatsa mpando. Ndinawauza onse kuti atuluke, ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, kenako ndinatseka ndekha. Ndinakhala momwemo mphindi makumi anayi. Woimba wako ndamumva, ndi yemweyo. Kungoti wa ku Mulanjeyu amapupuluma pang'ono, wa kwanuyo analeredwa bwino.

Ndiye ndinati ndiyese kuimba ndime yako momwemo. Kachipindako n'kakang'ono, kotentha, zenera kalibe, fungo la sopo lokhalokha. Ndinatsitsa mawu monga unachitira iwe kuti a panja asamve. Sindinafike mzere wachitatu. Mwana wanga, iwe ndiwe uja magetsi atazima ku holo unaimba wopanda maiki, anthu a kumsika n'kusiya malonda kubwera. Uthenga wako uja ndinaumvera koposa kakhumi ndikusakasaka munthu wa ng'oma, koma sindinadzifunse n'kamodzi komwe chifukwa chimene mwana wanga akunong'onera. Ndinalakwa. Ndachita manyazi kwambiri. Ndinalira momwemo, azakhali ako ndinawauza kuti ndi sopo.

Dzina lako ndalilembanso, lonse, ndi zilembo zazikulu. Tsambalo silikuoneka bwino ndipo Rogers amati timatepo pepala. Ndakana. Mzerewo ukhale pomwepo, aliyense wotsegula bukulo aziona zimene ndinachita.

Loweruka tinaimba pa kaukwati kakang'ono ku Chonde, anthu owerengeka, mipando motalikirana. Nyimbo ija tinaiimba. Kuthamanga kwa kumapeto kuja n'kwabwino ndithu, koma usamuuze Rogers, angatukumuke. Anyamatawa amafuna kuti Hildah aimbe ndime yako. Mawu ali nawo, koma ndinakana. Titafika pamenepo tinangoliza zida zokha, pakamwa titatseka, mizere inayi yonse. Mkulu wina anabwera kudzandifunsa ngati tinaiwala mawu. Ndinamuuza kuti ayi, pamenepo ndi pa mwana wanga, ali kuntchito.

Tizitero mpaka udzabwere. Kaya ndi chaka, kaya ziwiri, pamalopo sipalowa munthu. Ukadzafika udzaimbe ndi mawu ako onse, palibe adzakuuze kuti utsitse.

Undikhululukire. Ndakusowa kwambiri.

Ndine bambo wako,
Potiphar Namakhwa